Mzere wa Kamberembere

Chawama, Lusaka
Lolemba, mwezi wa Januwale

Okondedwa alongo anga a Whiteson,

Moni wa kuno ku Lusaka ukupezeni. Muli bwanji ku Chikomeniko, inu ndi alamu anga a Linah ndi ana onse? Nanga amama akudzuka bwanji ndi mawondo awo aja, poti mvula ikachuluka amadandaula? Ndikhulupirira kuti fodya wagwira bwino chaka chino, ndipo chimanga sichinadyedwe ndi mbozi ngati chaka chatha. Ife kuno tilipo. Alamu anu a Steward akupita kuntchito kwawo kowotcherera zitsulo, mwana wathu Precious wabwerera kusukulu, ine ndili pa makina anga osokera kumsika monga mwa masiku onse.

Musadabwe kulandira kalata ngati tili m'nthawi ya atate. Foni ndili nayo, nambala yanu ndimaidziwa pamtima. Koma inu pa foni simumvera munthu. Ndikangoyamba nkhani yomwe simukuifuna mumati netiweki yavuta, pomwe tambala wanu ndikumumva bwinobwino akulira kuseri kwa nkhokwe. Pepala simungalidule mawu. Ndapatsira a Hillary, amene akubwera kumeneko kudzaona munda wawo, ndipo ndawauza kuti akupatseni m'manja, asasiye pa golosale. Mupeze pokhala, muwerenge mpaka kumapeto, kukalipa mukalipe mutamaliza.

Za kuno n'zochepa. Mvula yatizunza, sabata yatha madzi analowa m'nyumba mpaka tinakweza thumba la ufa pa tebulo, nsapato za Precious n'kuzipeza zikuyandama pakhonde la aneba. Eni nyumba akuti adzakonza ngalande mvula ikatha, mawu omwewo a chaka chatha. Magetsi akuzimazima, moti makina amagetsi aja ndawaphimba nsalu, ndabwerera ku akale opondaponda. Januwale ndi mwezi wa mayunifolomu, poti makolo onse amakumbukira kuti mwana wakula sukulu itatsegulira kale. Ntchito ndiye yaunjikana, koma manja anga sakugwira bwino. Lachisanu ndinalumikiza mkono wa malaya mozondotsa, mwini wake n'kundifunsa ngati ndikudwala. Ndinamuyankha kuti ayi. Koma mtima wanga suli ku Chawama kuno, uli kumeneko pa mng'ono wanu Obby.

Racheal, mkazi wake, ananditumizira mawu pa foni ya mnzake wa kukwaya. Musamukalipire chonde, ndipo musatume alamu kuti akamufunse. Mwana wa eni uja anachoka kwawo ku Magodi kudzakhala pakati pathu, ndipo akasowa pogwira ayenera kulira kwa ife. Mawu akewo ndawamvera kambirimbiri mpaka foni kutentha. Akuti pa dima la kwa a Solomon, pomwe mabanja nonse munasonkhana kupalira chimanga chawo, Obby analima pang'ono n'kupita kutchire, kubwerako n'kumwa madzi, kulimanso pang'ono n'kupitanso. Dzuwa lisanafike pamutu anakakhala pansi pa mtengo, khasu lili pambali. Ndiye inu, pamaso pa anthu onse, akuti munakuwa kuti: “Musiyeni kambelembele uyo! Mzele wake osaugwila, ukhale chabe choncho, mudzi onse uone!” Anthu anaseka, ndipo mzerewo anausiyadi ndi udzu wake pakati pa munda woyera. Tsopano akuti ngakhale ana opita kudambo ndi mbuzi akumuitana dzina lomwelo akamadutsa pakhomo pake.

Chomwe chandiimitsa mutu ndi ichi. Akuti Loweruka likudzali dima lili m'munda mwanu, ndipo mwalengeza kuti mukamuchita za makolo zonse. Khasu lake mukaliimika pamzere, thobwa sakalawa, ndipo ngakhale aitane palibe womuyankha mpaka dzuwa litalowa. Akuti mwanena kuti mankhwala a ulesi ndi manyazi, ndipo mwambowo mwafunsira kwa nkhalamba za mudzi wa kutsidya.

Pomwe ndinkamvera mawuwo, Precious anali pafupi akusita yunifolomu yake. Anandifunsa kuti kamberembere n'chiyani, kaya ndi mbalame kaya ndi matenda. Ana a m'tauni awa Chinyanja chawo n'cha m'minibasi. Ndinamuyankha kuti ndi munthu waulesi. A Steward anawonjeza kuti kwawo ku Mphamba munthu wotere amangomuti mukata, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ine yankho langa silinandikhutitse. Ulesi timautchula tsiku lililonse, ana timawanena nawo, ndipo palibe amene amanjenjemera. Koma liwu ili ndinayamba kudzifunsa kuti ndinalimva liti komaliza.

Ndinakumbukira ndili pa makina. Munali mnyamata, mukulima ndi atate kumunda wa kudambo, ine ndikutsatira pambuyo ndi mbewu. Ng'ombe yathu ija Bantomu inagona pansi ili m'goli, inu n'kuitcha kamberembere, liwu lomwe munalitola kwa chidakwa china kuchigayo. Atate, amene sanakwezepo dzanja pa mwana, anakukwapulani ndi chingwe cha ng'ombe, kenako anasiya pulawo pomwepo n'kupita kunyumba osatembenuka. Madzulo ake amama sanatuluke kudzadya nafe. Tinangoti akuluakulu adzuka moipa, ndipo sitinafunse. Ngati inu mwaiwala, ine amene sindinakwapulidwe ndikukumbukira.

Dzulo titatuluka m'tchalitchi sindinapite kunyumba. Ndinakwera minibasi kupita ku Mandevu kwa azakhali a Faides, mlongo wa atate, amene akukhala kwa mwana wawo. Maso awo achita mdima, koma pakamwa mpomwe paja. Anayamba ndi kundinena kuti ndimawakumbukira ndikakhala ndi mavuto okha, kenako anafunsa ngati inu mukadali ndi mawu aja omveka kutsidya kwa mtsinje. Ndinati awonjezeka. Tinaseka, ndinawapatsa mabanzi omwe ndinagula panjira, ndipo ndinawafunsa za liwulo. Anasiya kuswa mtedza womwe unali m'lichero, n'kunena kuti: “Iwe Evelina, mau amenewo wayatola kuti? Nindani wayafukula?” Ndinawauza kuti ndinu. Nkhuku inayamba kujompha mtedza iwo osaithamangitsa.

Poyamba anandiwongola. Akuti kamberembere si mlesi wamba. Mlesi amakhala pakhomo pake, aliyense amamudziwa, ndipo njala yake ndi yake. Kamberembere ndi wa pagulu. Amalawira nanu limodzi, khasu paphewa, amapereka moni mokweza kwa aliyense kuti aoneke kuti wafika. Ntchito ikayamba iye amapeza zochita zina. Mpini waguluka akaukhome, khasu labuntha akalinole pamwala, wamva ludzu, akaone ngati amayi a thobwa anyamuka. Amazungulira munda wonse osamaliza mzere umodzi. Koma mtsuko ukangotsika pamutu, woyamba kugwira chipanda ndi iyeyo. N'chifukwa chake liwuli linkapweteka kuposa loti mlesi, poti limanena kuti munthuyo akudya thukuta la anzake.

Akuti mwambo wosiya mzere unali ndi nzeru zake. Dima ndi kubwerekana manja, lero kwanu mawa kwathu, ndipo munthu mmodzi akayamba kuzemba osadzudzulidwa, chaka chamawa ozemba amachuluka. Kumenyana sankafuna, poti onse ndi abale. Ndiye ankangosiya udzu kuti ulankhule, khasu liime lokha pamzere, mwini wake akhale tsiku lonse ngati palibe. Ambiri akuti ankachira nazo tsiku limodzi lomwelo.

Za komwe liwulo linachokera, azakhali akuti anthu ankatsutsana kuyambira kale. Ena ankati linabwera ndi amuna obwerera kuchokera ku mafamu a ku Halale, komwe akapitawo ankatcha choncho anthu obisala m'zigafa za fodya. Azakhali akukana, akuti agogo awo sanaonepo ngakhale msewu wa ku Halale koma ankalidziwa. Kwa iwo liwuli linabadwira pa dima penipeni, m'nyimbo yomwe olima ankaimba motsata kugwa kwa makasu, wina kutsogolera ena kuvomera, dzina la wotsalira n'kumaliponyamo. Zoona zake ine sindikudziwa, ndipo sindinapite ku Mandevu kuti ndikakhale mphunzitsi. Chomwe ndinkafuna kudziwa n'chakuti linathera kuti m'mudzi mwathu, komanso chifukwa chomwe atate ankadana nalo chotero.

Apa ndiye gwirani mtima, alongo. Mukudziwa kuti amama anali ndi mlongo wawo, malume a Haswell, amene anamwalira ife tisanabadwe. Tinauzidwa kuti anangodwala mutu mwadzidzidzi. Azakhali akuti si mmene zinayendera, ndipo iwo analipo. Anabwera kudzathandiza kuphika thobwa, atate atangokwatira kumene n'kulowa chikamwini pamudzi wa amama.

A Haswell akuti anali munthu wamphamvu, wokumba zitsime, ndipo chitsime chomwe mukumwa mpaka lero anakumba ndi iwo. Koma dzinja limenelo anasintha. Anaonda mpaka kuboola mabowo atsopano pa lamba, ankayenda ndi chigubu cha madzi kulikonse, ndipo pa dima ankapita kutchire pafupipafupi. Anthu anangogamula okha kuti akuthawa mzere. Nanga munthu wosatentha thupi, wosatsokomola, wodya bwino, angadwale chiyani? Kudya ankadyadi kwambiri, ndipo n'zomwe zinkawapsetsa mtima anthu.

Pa dima lina anakakhala pansi pa mtengo wa muula m'mphepete mwa munda, chisoti chili kumaso. Akuluakulu anati achitidwe mwambo. Khasu analiimika pamzere, ndipo amene anatsogolera nyimbo anali atate athu. Azakhali akuti tisawaweruze msanga. Anali mkamwini watsopano, maso onse a apongozi ali pa iwo, ndipo ankafuna kuonetsa kuti pakhomo palowa mwamuna wa khasu. Mawu anali nawo, ofanana ndi anuwa. Thobwa litafika anthu anamwa, a Haswell osapatsidwa. Chakumasana anaitana amama ndi dzina lawo kupempha madzi, poti m'chigubu mwawo munali mutatha. Amama anaimirira. Mayi wina wachikulire anawagwira chitenje n'kuwakhazika pansi, akuti mwambo ndi mwambo, akamwa dzuwa likalowa. A Haswell sanaitanenso. Anthu anati kamberembere wagona, anaseka n'kupitiriza kulima.

Dzuwa litalowa amama anathamanga ndi chikho cha madzi n'kukawachotsa chisoti. Anawapeza akupuma movutikira, osazindikira munthu. Anamanga ng'ombe mwachangu, koma pomwe ngolo inkafika pamsewu waukulu anali atatsirizika. Kuyambira maliro amenewo liwulo linafa m'mudzi mwathu. Palibe amene analiletsa pabwalo, anthu anangolisiya okha, ndipo nyimbo ija inaiwalika pamodzi ndi mwambo wake. Atate akuti sanaimbenso, ngakhale m'tchalitchi ankangogwedeza milomo. Inu ndi ine tinkawaseka kuti sadziwa nyimbo.

Pobwerera ndinapitirira pamalo potsikira, kondakitala mpaka kundifunsa ngati ndikufuna kugona m'minibasi. Ndinayenda wapansi m'matope kubwerera m'mbuyo. Kunyumba ndinayesa kuphika, ndinayesa kudula nsalu, ndinayesa kukhala, zonse kulephereka. Lero ndikulemba kalatayi pa tebulo la makina, ndipo ndaima kaye pamenepa chifukwa kunabwera mayi wofuna siketi ya mwana wake. Mwanayo ndachita kumuyeza kachiwiri, poti muyezo woyamba ndinauiwala tepi ili m'manja.

Tsopano tamverani zomwe Racheal akuona, zomwe inu simungazione muli pamzere wakutsogolo. Obby akumwa madzi kosalekeza, moti ndowa yomwe inkakwanira banja lonse sikufika madzulo. Akupita panja kukataya madzi pafupipafupi, ndipo pomwe wataya pamadzaza nyerere. Buluku lake la ukwati akulimanga ndi luzi. Kudya akudya, inde, kuposa kale, ndipo ndikudziwa kuti n'zomwe zimakukwiyitsani mukamuona pa mbale. Maso akuti akuchita nkhungu, moti chingwe chosokera fodya amachita kumulowetsera m'singano ndi Racheal. Ndipo pachala cha kuphazi, pomwe anadzitema ndi khasu nthawi yopanga mizere, bala silinapole mpaka lero. Mizere munapanga mvula isanagwe, alongo, ndipo pano chimanga chili m'mawondo.

Racheal anamuuza kuti apite kuchipatala, iye anakana. Akuti akachoka pamudzi nthawi ya dima anthu adzati kamberembere wathawiratu. Ine ndinamuimbira pa foni ya mnzake wa Racheal uja kuti ndimve ndekha. Anaseka, koma si kuseka kwa Obby amene ndimamudziwa. Anati: “Nili bwino, alongo, ni kutopa chabe. Pa Chiwelu nizalima, muzamvela.” Pa Loweruka lomweli akufuna kukadzipha ndi khasu kuti afufute dzina lomwe mwamupatsa. Anandipemphanso kuti ndisakuuzeni kanthu, poti muli ndi zambiri zoti muganize. Mwaona zomwe liwu lanu lachita? Lamutsekera njira ya kuchipatala.

Pafupi ndi pomwe ndimasokera pali mnzanga Lilly, wogulitsa salaula, zovala zovalidwa kale zija. Nditamufotokozera anagwira pakamwa. Akuti mwamuna wake anayamba chimodzimodzi, ludzu, kuonda, nyerere, ndipo kuchipatala anamupeza ndi matenda a shuga. Anamuuzanso kuti matendawa nthawi zina amayenda m'banja. Mwamunayo ali moyo, amamwa mankhwala, amasala zakudya zina, ndipo amakankha wilibala kumsika kuno tsiku lonse. Koma akuti pali mnzake wina amene anachedwa ndi bala lotere, ndipo phazi analidula. Ine sindine dokotala, ndine telala. Mwina si shuga, mwina n'china. Malume a Haswell palibe amene anawayeza, ndipo chomwe chinawapha sitidzachidziwa. Koma ndikaika nkhani ya azakhali apa, ya Racheal apa, mtima wanga ukukana kukhala pansi.

Musaganize kuti sindikuona katundu amene mwasenza. Atate atamwalira minda yonse inagwera inu, amama mukuwasamala ndinu, ine ndili kuno ndikudya buledi, monga mumanenera. Dima munalidzutsa ndinu pomwe aliyense ankavutika yekhayekha ndi udzu, ndipo anthu akukulemekezani nalo. Ndikudziwa kuti zikukupwetekani kuti mng'ono wanu weniweni ndi amene akukhala pamthunzi pamaso pa anthu omwe munawaitana. Mukuopa kuti adzati Whiteson amakalipira ana a eni, wake akumuyang'anira kumbali. Ndikumva ndithu. Koma ukali wanu umathamanga kuposa maso anu, ndipo munayamba kalekale.

Tandiuzani, Obby ulesi anauyamba liti? Si yemweyu amene ankamaliza mzere wake n'kutembenuka kudzakumana ndi amama pa wawo? Chigafa chanu cha fodya mitengo yake anadula ndani, anasenza ndani kuchokera kuphiri? Chaka chomwe munathyoka mwendo pa njinga, munda wanu unapaliridwa ndi mizimu? Azakhali akuti kamberembere amakhala woyamba pa chipanda, nanga Obby munamuonapo akulimbirana thobwa, kapena amangopempha madzi? Munthu amene wagwira khasu kuyambira ali wamng'ono sangodzuka tsiku lina ali ndi mkazi ndi ana n'kuyamba kuzemba. Ine ndakwiya nanu, alongo, sindibisa. Koma mantha ndi amene achuluka kuposa mkwiyo.

Pempho langa ndi limodzi. Obby musamutengere kumunda Loweruka. Kalatayi ikangofika, m'mawa mwake mukabwereke njinga yamoto ya a Solomon, mumukweze, mupite naye kuchipatala kuboma. Lilly akuti amangobaya chala n'kuona magazi, si zogonera komweko. Mukauze adokotala za ludzu ndi za nyerere, ndipo avule nsapato kuti aone balalo, poti iye yekha akangonena kuti ndi kutopa. Mupite naye inuyo, osatuma Racheal, osatuma wina aliyense. Kwa Racheal wakana kale, kwa ine wakana. Koma akaona inu amene munamutcha dzinalo mwaima pakhomo pake ndi njinga, adzakwera, ndipo mudzi udzadziwa kuti sanathawe.

Ndikukumvani kale mukuyankha. Chimera chasinjidwa, anthu aitanidwa, udzu sudikira munthu, fodya wa pansi akufuna kuthyola. Zonsezo n'zoona. Mudzanenanso kuti Evelina wa m'tauni akufuna kuphunzitsa alimi ulimi. Nenani, sindidandaula. Akakamuyeza n'kupeza kuti alibe kanthu, ine ndidzabwera kudzapepesa pamaso pa anthu onse a dima, ndipo thobwa la chaka chamawa ndidzaphika ndine. Koma akakhala kuti akudwala, inu n'kumusiya tsiku lonse opanda womuyankha, mudzasenza chinthu chomwe atate anasenza mpaka kumanda. Sindikufuna zimenezo zikugwereni, monganso sindikufuna kuti Obby tikamunyamule pa ngolo.

Amama musawapanikize ndi mafunso. Racheal akuti tsiku lomwe munakuwa kwa a Solomon, amama anasiya khasu n'kubwerera kunyumba, ndipo chakudya anakana. Inu munati ndi mawondo. Sanakuuzeni kanthu chifukwa kuti akuuzeni ayenera kutchula atate, ndipo mukudziwa kuti dzina la atate saliika pamalo oipa. Zaka zonsezi asunga okha. Azakhali andilola kuti ndikuuzeni, akuti iwo akalamba, ndipo manyazi a mlongo wawo amene anapita kale sangawaike patsogolo pa moyo wa mwana. Pomwe ndinkatsanzika anandigwira dzanja n'kunena kuti: “Ukamuuze Whiteson, mau a atate ake anatenga, koma asatenge na nyimbo yomwe.”

Ndidikira foni ya Racheal mpaka Lachinayi. Ikalira n'kundiuza kuti mwanyamuka kupita kuboma, ndikhala pansi n'kumaliza mayunifolomu a anthuwa. Ikapanda kulira, Lachisanu nditseka makina n'kukwera basi, makolo akalipe mmene angakalipire. A Steward ndawauza kale, ndipo sanatsutse. Loweruka m'mawa mudzandipeza m'munda mwanu ndi khasu la amama, pamzere wa Obby. Manja anga afewa ndi singano, ndidzatsalira kumbuyo kwa aliyense, ndipo ndidzapumula pafupipafupi. Mukafuna womuimbira nyimbo mudzaimbire ine. Koma mlongo wanga akaitana ndidzamuyankha, ndipo ndidzaone amene adzandigwire chitenje.

Mundiperekere moni kwa amama, muwauze kuti mafuta opaka mawondo ali m'kathumba komwe a Hillary anyamula. Moni kwa alamu anga a Linah, ndikudziwa kuti iwo amakuuzani zoona mukakhala awiri, ndiye kalatayi mukhoza kuwaonetsa. Moni kwa ana anu onse, kwa a Solomon ndi banja lawo, ndi kwa onse a dima. Kwa mlamu wanga Racheal munene m'chinenero cha kwawo kuti monile, ndipo yewo chomene, zikomo kwambiri, chifukwa chosakhala chete. A Steward ndi Precious akupereka moni kwa nonse.

Obby musamuwerengere kalatayi. Mungomuuza kuti alongo ake a ku Lusaka akumupatsa moni, ndipo akuti asambe, avale malaya ake abwino, akupita kuboma ndi akulu ake.

Ndine mlongo wanu amene akudikira foni,
Evelina